Mapaipi a mafuta a pansi pa nyanja akatha ntchito amatani nawo?

Wezi Aberdeen: Monire mose a pa Mzuzu. Pepani ndinangoti zii sabata yonseyi, onani chithunzi ndatumizacho ndi zomwe zinandigwira. Amenewo ndi mapaipi a mafuta omwe awavuula pansi pa North Sea, nyanja ya pakati pa UK ndi Norway, ena akhala mmadzimo ine ndisanabadwe. Fungo lake musafunse, tinkhono ndi zomera zomwe zinamatirira zikayamba kuola pa doko pano usipa wovunda ndi perefyumu

Bonzo Katoto: aise Wezi ife tili pa mzere wa petulo kuyambira 4 koloko mmawa iwe ukutionetsa mapaipi opanda kanthu kkkkk tumiza amene muli mafutawo

Jombo Luwinga: eeeh chitsulo chonsecho!! Wezi kilo akugulitsa bwanji kumeneko, ine ndikhoza kutumiza lole

Wezi Aberdeen: kkkk Jombo usathamange, chidutswa chimodzi chokhacho lole yako ikhoza kukhala pansi. Choyera chakunjacho ndi konkiriti, amamata dala kuti paipi ilemere isamayende ndi mafunde. Chitsulo chili mkati. Ndipo sungangofika nkudula ndi gasi ngati mumachitira ku Luwinga, poyamba amabwera munthu ndi kamashini koyezera radiation nkulowetsa kukamwa kwa paipi iliyonse. Dzulo ziwiri kamashini kanalira anaziika pambali nkuzimanga mapulasitiki kumapeto, palibe woyandikira opanda chilolezo

NyaChirwa: Radiation mu paipi ya mafuta achimwene? Ine ndimayesa zimenezo ndi za ku Kayelekera

Wezi Aberdeen: Zilipo asisi. Mafuta satuluka okha pansi, amatuluka ndi madzi amchere a mmiyala, ndiye madzi amenewo amasiya zokakamira mkati mwa paipi ngati zija zimachita mu ketulo mukamaphitsa madzi a pa mjigo. Mu zokakamirazo nthawi zina mumakhala radium, chitsulo chotulutsa radiation. Mapaipi ena a gasi mumatsalira mercury, makamaka mbali za Thailand ndi Australia. Si zoti mukayandikira mugwa pompo ayi koma fumbi lake simufuna kulipuma

Tiwonge Mzuni: Ankolo Wezi ndiye kuti paipi iliyonse ikatha ntchito mumaivuula? Ine ndinamva kuti zambiri zimangosiyidwa konko

Wezi Aberdeen: Wamva zoona Tiwonge. Zomwe zimatuluka ndi zochepa. Tiyambe apa, chitsime chikauma kapena mafuta akachepa moti ndalama yoyendetsera ikuposa yomwe akupeza, amatseka chitsimecho ndi simenti. Kenako paipi amaitsuka. Pali chinthu timachitcha pig, chili ngati chitsekerero chachikulu cha labala kapena siponji yolimba, china chimakhala ndi mabulashi achitsulo, amachilowetsa mbali imodzi nkuchikankha ndi madzi chimayenda makilomita ambirimbiri chikukokolola zonse. Choyamba chikafika kumapeto chimabwera ndi phala lakuda bii lolimba ngati phula la kandulo, fosholo mpaka kuimirira. Amatumiza china, china, mpaka madzi otuluka ayere, amayeza mu labu osati ndi maso. Akatero paipi imatsala yodzaza madzi a mnyanja, apa mpomwe mkangano umayambira kuti tiichotse kapena tiisiye

Bonzo Katoto: nkhumba mu paipi kkkkk azungu nawonso

Wezi Aberdeen: Ena amati dzinalo linabwera chifukwa zakalezo zinkalira ngati nkhumba zikamakhulana ndi chitsulo. Nanga ndipitirize. Timapaipi tingonotingono tofewa ndi zingwe zamagetsi amazikulunga pa chigudumu chachikulu cha pa sitima ngati ulusi, zimenezo nzosavuta. Zapakatikati amadula zidutswa pansi pomwepo ndi macheka a waya kapena chisizasi cha hydraulic, woyendetsa ali pa sitima akuonera pa sikirini, robot ili pansi, kireni nkumakweza chimodzichimodzi. Ndi zomwe zili pa chithunzizo. Koma zikuluzikulu zopita kumtunda, mainchesi 30 kapena 40 zokutidwa konkiriti, kawirikawiri sazigwira. Taganizani paipi ya gasi ya Langeled yochoka ku Norway kupita ku England ndi makilomita oposa 1,100, imeneyo ikadali pa ntchito koma tsiku lake likadzafika ndani adzaidule zidutswa za mamita 12? Ndiye amangodula kumapeto, nkukwirira mu ngalande kapena kuthira miyala pamwamba. Kuno ku UK amafuna kuti dothi la pamwamba pa paipi yokwiriridwa lifike masentimita 60

Madala Kamanga: Mwana wanga Wezi ndawerenga zonse. Ine funso langa ndi limodzi. Asodzi akumeneko makoka awo sakodwa?

Wezi Aberdeen: Adada funso lanu ndi lomwe limavuta kwambiri kuno. Amakodwa. Pansi pa nyanja mchenga umayenda, paipi yomwe inali yogona bwinobwino pakapita zaka mchenga wapansi pake umakokoloka imatsala lende ngati mlatho. Boti zakuno zimakoka khoka pansi penipeni ndi zitseko zachitsulo ziwiri zolitsegula kukamwa, chitseko chikalowa pansi pa mlatho umenewo basi. Mu 1997 boti ina dzina lake Westhaven inakodwa pa paipi mu North Sea momuno, poyesa kudzikoka inatembenuzika anthu anayi onse anafera momwemo. Paipi imeneyo sinali yotayidwa nkomwe, eni ake analipo. Nanga yomwe mwini wake anachoka kalekale?

Madala Kamanga: Mmm. Ine ndikudziwa ululu wake. Chaka china anyamata anga anaponya chilimira usiku cha kufupi ndi Usisya, siginala wayatsa nyali usipa wabwera wambiri zedi, pokoka chingwe changoti gwa. Anayesa uku anayesa uku, bwato limodzi linayamba kumwa madzi, mkulu wawo anangotenga mpeni nkudula. Anabwera mmamawa ndi zingwe zokha ndi mabowa ochepa, ukonde wonse unatsala pansi ndi nsomba zomwe. Mpaka lero sitidziwa chinagwira nchiyani kaya mtengo kaya boti yakale. Ngongole ya ukonde umenewo ndinabweza zaka ziwiri. Ndiye munthu adzandiuze kuti tasiya chitsulo pansi koma musadandaule tachilemba pa mapu, mapu ake ndani ali nawo pa bwato la thabwa?

Tiwonge Mzuni: Agogo ndikumvetsa koma ndiloleni ndiikire kumbuyo mbali inayo pangono. Chitsulo chikakhala pansi zaka 30 kapena 40 chimasanduka mudzi wa nsomba. Inu nomwe mumadziwa kuti utaka umasonkhana pa virundu, mbuna sizichoka pa miyala. Kunyanja zamchere pamene pali mchenga wokhawokha paipi ndiye chirundu chake, zomera zimamera tinsomba timabisala zazikulu zimabwera kudzadya. Mukaizula mwagwetsa mudzi wonse, mwavundula matope, sitima yayikulu yawotcha dizilo miyezi, ndiponso anthu odumphira pansi aika moyo pachiswe. Ku America mpaka ali ndi pulogalamu ya Rigs to Reefs, nsanja zakale zokumbira mafuta mnyanja amazigwetsa dala kuti zikhale malo a nsomba

Jombo Luwinga: mwana wa sukulu wayankhula. koma chitsulo kuchipatsa nsomba ine mtima ukundiwawa

NyaChirwa: Tiwonge mwanawe, nkhani ya nsombayo ikhoza kukhala yoona koma taona amene amaikonda kwambiri ndi ndani. Ndi amene akuyenera kulipira zochotsazo. Zili ngati lendi akusamuka wasiya chigalimoto chakufa pabwalo nkumakuuza kuti landlord musadandaule nkhuku zanu ziziikiramo mazira

Bonzo Katoto: kkkkkkkk aphunzitsi mwapha

Wezi Aberdeen: Asisi mwalasa. Nonse awiri mukunena zoona nchifukwa chake kuno lamulo limati paipi iliyonse iunikidwe payokha, amaika pa sikelo chitetezo cha ogwira ntchito, chilengedwe, asodzi, ngati nzotheka kuichotsa, ndi mtengo. Koma lipotilo amalemba ndi a kampani, boma limangolivomereza kapena kulibweza, ndiye mukamawerenga muzikumbukira wolemba. Za America zomwe wanena Tiwonge zili ndi mbali ina. Mu 2021 ofesi ya boma lawo yolondoloza ntchito, GAO, inapeza kuti kuyambira mma 1960 mapaipi oposa 97 pa 100 aliwonse omwe anatha ntchito ku Gulf of Mexico analoledwa kutsala pansi, mamailosi pafupifupi 18,000. Ndi makilomita cha mma 29,000, ngati kuyenda Mzuzu Lilongwe maulendo 80. Ndipo anati palibe amene amabwerera mokwanira kukaona ngati akadali pomwe anawasiya, chonsecho kumeneko kumawomba mphepo zamkuntho zomwe zimasuntha mapaipi. Chomwe chinayenera kukhala chilolezo cha apo ndi apo chinasanduka chizolowezi

Tiwonge Mzuni: 97?? eish imeneyo sindimaidziwa

Mphatso Admin: Ine ndimakumbuka nkhani ina ya Shell ndi gulu loteteza chilengedwe la Greenpeace tili ana inkamveka pa wailesi, ikugwirizana ndi zimenezi?

Wezi Aberdeen: Ndi Brent Spar imeneyo bigi, 1995. Sinali paipi, chinali chithanki chachikulu choyandama chosungiramo mafuta. Shell inafuna kukachimiza pakuya mu Atlantic boma la UK litavomera kale. A Greenpeace anakwera nkukhalamo, ku Germany anthu anayamba kunyanyala ma filling station a Shell, mu June chaka chomwecho kampani inabwerera mmbuyo. Chosangalatsa nchakuti Greenpeace inadzapepesa kuti inakokomeza kuchuluka kwa mafuta omwe anatsalamo, koma nkhondo inali itatha kale. Chithankicho anakachidulira ku Norway zidutswa zina anamangira doko kufupi ndi Stavanger. Zitatero mu 1998 maiko a mgwirizano wa OSPAR woteteza nyanja za mbali ino ya Atlantic anagwirizana kuti nsanja zakutha ntchito zisamatayidwe mnyanja, kupatula zolemera kwambiri monga za konkiriti zomwe amatha kupempha chilolezo. Koma mapaipi sanalowe mu chigamulo chimenecho, dziko lililonse limaona lokha. Nsanja imaoneka, anthu amaijambula amakwiya. Paipi ndani amaiona

NyaChirwa: Chabwino yasiyidwa. Pakapita zaka 100 imakhala bwanji? Imangokhala choncho mpaka Yesu adzabwere?

Wezi Aberdeen: Imadyeka pangonopangono. Ikamagwira ntchito amaimangirira zidutswa za aluminium kapena zinc zomwe dzimbiri limayamba kudya izozo chitsulo nkupulumuka. Zikatha palibe wodzasintha, dzimbiri limalowa chitsulo, imabooka, kenako imafwamphuka zidutswa. Zimatenga zaka makumi ambiri mwina mazana. Chitsulo pachokha si vuto kwenikweni, vuto ndi zomwe anakutira kunja, phula lamakala pa akalewo ndi pulasitiki pa atsopano, ndi zokakamira zamkati zija pig inalephera kuchotsa. Kuno lamulo limati mwini paipi amakhalabe ndi udindo mpaka kalekale, aziyendera ndi kamera, pakaoneka mlatho athire miyala. Akamaliza ntchito amalemba ganyu boti za asodzi kuti zikoke khoka pamwamba pake kuona ngati likodwa. Pa pepala zili bwino

NyaChirwa: Mpaka kalekale? Kampani yake iti yomwe imakhala mpaka kalekale? Kuno makampani angati tawaona atseka anthu osalandira ndi penshoni yomwe

Wezi Aberdeen: Apo ndiye pagona nkhani asisi, ine zonse ndalembazi chomwe chimandiopsa ndi chimenechi osati dzimbiri. Kampani yayikulu ikaona kuti chitsime chatsala pangono imagulitsa kwa kakampani kakangono, kameneko kamafinya madontho otsalawo kenako kagwa. Zinachitika ku Australia, sitima yopopera mafuta ya Northern Endeavour ku Timor Sea, kampani ya Woodside inagulitsa, amene anagulayo anagwa mu 2020, boma linangotsala nayo mmanja sitima ndi zitsime ndi mapaipi ake. Anachita kuika msonkho wapadera pa makampani onse a mafuta a mnyanja kuti alipire, nkusintha lamulo kuti mwini wakale azithanso kuitanidwa ngakhale anagulitsa. Ngakhale kuno ku UK gawo lalikulu la bilu limabwerera kwa anthu chifukwa makampani amabwezeredwa msonkho pa ndalama zomwe awononga pochotsa

Bonzo Katoto: koma abale zonsezi ndi za azungu ife zikutikhudza pati. ife vuto lathu mafuta kulibe. akanakumba mnyanja yathuyi bwenzi ine ndili pa mzere? ma tanker kuchoka ku Dar mpaka adutse Chiweta ina igwe mmapiri muja, anzathu a ku Zambia ali ndi paipi ya TAZAMA kuyambira 1968, Zimbabwe ili ndi yochoka ku Beira. ife tikukambirana zochotsa paipi tilibe ndi imodzi yomwe kkkk

Madala Kamanga: Bonzo mwana wanga petulo sumwa. Ukadzafuna batala udzadya paipi?

Bonzo Katoto: madala ulemu wanu koma injini ya boti yanu imayendera madzi?

Tiwonge Mzuni: A Bonzo zikutikhudza. Ma layisensi ofufuza mafuta mnyanja yathu anaperekedwa kale, kampani ya Surestream inapatsidwa mbali ya kumpoto konkuno mu 2011, mpomwe mkangano wa malire ndi Tanzania unadzukanso. Palibe anakumba mafuta mnyanjamo mpaka pano koma nkhaniyo imangogona siinafe. Ndipo ngakhale ine ndimaikira kumbuyo zosiya mapaipi ku nyanja zamchere, kwathu kuno ndi zina. North Sea madzi ake amasinthana ndi Atlantic. Yathuyi potulukira ndi pa Shire pokha, madzi ambiri amachoka ndi dzuwa, ndiye chomwe chalowa chimakhala zaka mazana. Anthu amamwa madzi omwewo. Kuya kwake kumpoto kuno kumafika mamita 700 pamene malo ambiri omwe ankolo akugwirako sapitirira 200

Bonzo Katoto: za malire a Tanzania musandiyambitse nyanja ndi yathu yonse pangano la Britain ndi Germany la 1890 linalemba

Mphatso Admin: Bonzo ayi, za malire tinakangana kale mwezi watha mpaka anthu awiri anatuluka pa gulu. Tibwerere ku mapaipi

Wezi Aberdeen: Tiwonge wakhudza chinthu chomwe anthu saganiza. Sitima zomwe timagwiritsa ntchito kuno zokweza mapaipi ndi zazitali kuposa bwalo la mpira, zimachoka ku Norway lero mawa zili ku Scotland chaka chamawa ku Angola. Nanga pa Nkhata Bay ingafike bwanji? Palibe njira ya pamadzi, Shire ali ndi mathithi. Ilala imene anaibweretsa zidutswa kuchoka ku Scotland nkudzailumikiza kuno, 1951. Poika mapaipi kampani ikhoza kuvutika choncho chifukwa kutsogolo kuli ndalama. Pochotsa kutsogolo kulibe kalikonse, ndani adzabweretse kireni zidutswa pa lole kudzera pa Songwe kuti adzazule chitsulo chakutha? Ndiye ine maganizo anga, ngati tsiku lina adzaike paipi mnyanja yathu tingodziwiratu kuti siidzatulukanso, pokhapokha ndalama yochotsera itaikidwa padera mafuta oyamba asanatuluke, mu akaunti yomwe kampani singaigwire ndipo boma singabwerekeko

NyaChirwa: Boma singabwerekeko kkkkk achimwene mwakhalitsa kunja

Jombo Luwinga: akaunti imeneyo chisankho chimodzi chokha yauma

Wezi Aberdeen: Ndiye ikhale ku banki yakunja, zimatheka, maiko ena amatero kampani imaponyamo kangachepe pa mgolo uliwonse. Ndi chikole basi ngati cha nyumba ya lendi. Lamulo lathu la mafuta ndi la 1983, nthawi imeneyo ngakhale kuno ku North Sea anthu ankaganiza zoika osati zochotsa, Brent Spar inali isanachitike. Ndiye amene adzakhale pa tebulo kusaina adzafunse tsamba lomaliza la kontrakiti asanasangalale ndi loyamba

Madala Kamanga: Ndipo adzaitane asodzi. Osati kutiitana ku hotela kutipatsa Fanta ndi alawansi zonse atasaina kale. Ife tikudziwa pomwe pali chirundu chilichonse kuyambira Chintheche mpaka Ruarwe, pomwe mwera umakokolola mchenga tikudziwa. Vipya inamira 1946 cha ku Chitimba kuja ndi anthu oposa 100, ili pansi mpaka lero palibe anaivuula. Chikalowa mmenemuja chalowa

Tiwonge Mzuni: Ankolo funso lomaliza, sizingatheke kuigwiritsa ntchito ina mmalo mozula kapena kusiya?

Wezi Aberdeen: Akuyesa. Kuno akukamba zogwiritsa mapaipi ena akale kutumizira utsi wa carbon dioxide kubwerera pansi mu zitsime zouma, ena akuti hydrogen. Koma si iliyonse, paipi yomwe yagwira zaka 40 khoma lake lapyapyala ndipo carbon dioxide akakumana ndi madzi amadya chitsulo koopsa. Komanso ine ndimakayikira, nthawi zina mawu oti tidzaigwiritsanso ntchito ndi njira yongokankhira bilu kutsogolo kuti adzalipire wina

Jombo Luwinga: ine ndikanaidula nkupanga ma culvert, msewu wa ku Mchengautuwa mvula ikagwa mukuudziwa. kapena mbaula, paipi imodzi mbaula 200

Wezi Aberdeen: mbaula ya radium Jombo nsima yake izidzawala usiku kkkk

Jombo Luwinga: bola, ndi ma blackout alipowa

NyaChirwa: Wezi tumizaninso chithunzi china chooneka mkati mwa paipimo ndikaonetse ana a Fomu 3 mawa, tili pa mutu wa dzimbiri. Muike chinthu pambali kuti aone kukula kwake

Wezi Aberdeen: Chabwino asisi mawa pa shifiti ndiika chipewa changa pakamwa pake. Koma ndijambula zomwe kamashini sikanalire

Bonzo Katoto: guys tanker yalowa!! amene muli ndi zigubu akuti sakuthira lero galimoto zokha. Mphatso bwera ndi ka Sienta kako ndakusungira malo kumbuyo kwa minibasi yoyera

Mphatso Admin: ndikubwera usachoke, ndili pa roundabout